Nyanga Zimene Zimagwa

Kuno ku Kautokeino dzuwa linatsanzika mwezi watha.
Masana ndi kamzere kobiriwira pamutu pa phiri,
kenaka mdima wabweranso
ngati munthu amene waiwala chipewa.

Gulu langa ndimalidziwa ndi makutu.
M'phazi la mphalapala muli mtsempha
umene umadumpha pa fupa ikaponda,
tcha, tcha, tcha,
ndiye mphepo ikalusa, chipale n'kutseka maso,
mwana sasochera: amatsata kulira kwa mapazi a make.
Inenso ndimatsata komweko.

Zamphongo zinataya nyanga kalekale.
Mu Okutobala zinkagundana usiku wonse,
osadya, makosi atatupa, fungo lokhalokha.
Lero zangoti ndwii kumbuyo kwa gulu,
mitu yosalala ngati miyala ya mumtsinje.
Zazikazi zabere ndizo zasunga zawo.
Ikakumba dzenje n'kupeza ndere,
palibe woilanda.
Idzazitaya mu Meyi, mwana akagwa pansi,
ntchito ya nyanga itatha.

Mlendo wina wochokera ku Oslo
anandifunsa kuti ndili nazo zingati.
Mlongo wanga Áilu anatsokomola, nayang'ana nsapato zake.
Funso limenelo kuno safunsa.
Ndinangoti: zokwanira kundisowetsa tulo.

Sabata yatha kunagwa mvula.
Mvula, mu Disembala!
Usiku womwewo kunazizira,
madzi n'kuuma pamwamba pa ndere ngati galasi.
Mphuno zawo sizinama,
zimamva chakudya ngakhale chipale chifike m'chiuno mwa munthu,
koma ziboda zimenya, zimenya,
galasi osasweka.
Ndinaipeza yaikazi yokalamba ija itagwada,
ya makutu odulidwa m'chizindikiro cha malemu bambo,
mphanda ziwiri kumanzere, kamng'alu kumanja,
miyendo yakutsogolo itasupuka,
ikunyambita ayezi pamalo pamene pansi pake pali moyo.

Tsopano ndimakoka matumba a chakudya chogula
kumbuyo kwa njinga yamoto ya pachipale,
makilomita makumi anayi, zala zitafa.
Mimba yawo ya zipinda zinayi sichedwa kukwiya
ukaisinthira zakudya mwadzidzidzi,
ndiye ndimasakaniza ndi ndere zimene tinatola mu Seputembala,
pang'onopang'ono, ngati kunyengerera wodwala.
Zina zimakana ndithu.
Bambo sanagulepo chakudya cha mphalapala.
Akanamva, akanaseka,
kenaka akanatuluka panja osanena kanthu.

Mtsikana wa ku yunivesite ya Tromsø anatiuza
kuti diso la mphalapala limasintha mkati:
lagolide pamene dzuwa likana kulowa,
labuluu wakuda pamene likana kutuluka,
kuti litole kuwala kulikonse kotsala.
Áilu anati n'zabodza.
Usiku uno ndawalitsa tochi m'mbali mwa gulu,
maso mazana anandiyankha,
ndipo sindinadziwe kuti ndimuuze chiyani.

Pobwerera ndinapunthwa pa nyanga ya yamphongo.
Mbewa zinali zitayamba kale kuikukuta kunsonga,
zikufuna mchere wa m'fupa.
Ndinaima nayo m'manja, yolemera, yozizira,
ya nthambi zisanu ndi ziwiri,
yomera m'miyezi inayi yokha, yotayidwa tsiku limodzi
popanda maliro.
Áilu akanasema chigwiriro cha mpeni.
Ndinaibweza pansi. Mbewa nazo zili ndi chisanu chawo.

Chipale chikadzasungunuka
pamutu wosalala uja padzatupa timatuza tiwiri,
tofewa, taubweya, totentha ndi magazi.
Ukakhudza umamva mtima ukugunda mkati.
Ndinakhudzapo kamodzi ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
bambo atandigwira dzanja,
akuti: Rávdná, mwaulemu, izi zimapweteka zikamakula.

Yokalamba ija yadya lero, pang'ono.
Ndatsegula chitseko cha kanyumba, ndazimitsa tochi.
Kunja kulibe chooneka.
Ndikumvetsera mapazi.